Kapitawo Uja Wabwera Kudzafuna Mwana

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa?

Kuno tilipo. Dzina lanu latulukanso pa mndandanda wa makuponi chaka chino, pamene langa palibe. Zaka zitatu chikuikireni m'manda, koma boma likuti mukulimabe. Ngati fetelezayo akukufikani, tigawireniko, chifukwa ife thumba limodzi tinagawana mabanja atatu, tikuyeza ndi mbale ngati shuga wa pamaliro. Fodya wachita bwino ndithu, kungoti chigafa chapendekeka ngati malume Binwelo akamachokera kumsika wa ku Santhe.

Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. Muli ndi mdzukulu wina, wamkazi, mwana wa Tiyamike. Musafulumire kululutira, Amayi. Mutangotisiya, mng'ono wangayu anakalowa ganyu yosoka fodya ku esiteti. Kapitawo wake, Jeremasi, anamutuma kukatenga zingwe m'nyumba yosungira katundu, n'kumutsekera momwemo, n'kumugwirira. Tinapita kupolisi. Jeremasi anafika ndi Baibulo m'khwapa, nalumbira kuti sanamukhudzepo ngakhale chala. Mboni panalibe, mlandu unangozilala.

Mimba itadziwika tinapita kuchipatala. Namwino anatilandira bwino, koma anati lamulo silola kuchotsa pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe. Tiyamike anafunsa kuti, “Nanga wangawu uli pati?” Pobwerera anayamba kufunsa za mayi wina wa mankhwala ku Lisasadzi, ine n'kukumbukira mwana wa a Nabanda uja tinamuika chifukwa cha njira yomweyo. Ndinamulondola paliponse, kudimba, kumjigo, mpaka pakhomo pa chimbudzi, moti anayamba kunditchula mlonda wa boma. Ngati ndinalakwa, mudzandiuza tikadzakumana. Ine ndinkangoopa maliro achiwiri.

Mwanayo anamutcha Mulekeni. Miyezi yoyamba ndinkabereka ndine, chifukwa mayi wake akamuyang'ana ankatembenukira kukhoma. Makutu ndi a munthu uja, oima ngati zogwirira sefuliya. Koma liuma ndi lanu, ndipo liumalo ndi limene linamugwirizanitsa ndi mayi wake. Lero amakangana ngati akazi a mitala, wina akachoka wina amalira.

Tsono Lachitatu lapitali masana, tikusankha fodya, tinangomva belu la njinga. Jeremasi! Tayi pakhosi, tambala womanga miyendo pakaliyala, pambuyo pake nkhalamba ina yaulemu, malume ake. Munkanena kuti fisi akavala jekete uziyang'ana kumapazi. Ndinayang'anadi: nsapato imodzi inalibe chingwe.

Jeremasiyo akuti wakwatira kawiri koma mwana sanaoneke, ndiye wakumbukira kuti ali naye wina kuno. Akuti anafunsa anthu odziwa ku boma, ndipo bambo ali ndi ufulu woona mwana wake, ngakhale kumutenga kuti akaphunzire. Amayi, ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, sindidziwa ngati zili zoona. Lamulo limene linatsekera Tiyamike chitseko, lero likamutsegulire iyeyu?

Ndinathamanga kukaitana mwini mbumba. Mlongo wanu Binwelo makutu anatheratu, kutchalitchi amati Ameni pakati pa zolengeza. Anakhala pa chitsa, dzanja kukhutu, Jeremasi akufotokoza chimene wadzera.

“Mwati mwagula mbuzi?”

“Ayi, ndati mwana ndi wanga.”

“Wa a Mwanga? Kuno kulibe a Mwanga.”

“Ndi wanga! Ine!”

“Wine ndani?”

Jeremasi anaimirira, tayi ili paphewa, nakuwa ngati wogulitsa kaunjika: “Mwana wa Tiyamike ndinabereka ndine, Jeremasi!” Amayi onse a kumjigo anasiya kupopa. Ngakhale tambala uja anakhala chete.

Apo Tiyamike anatuluka m'chigafa, fodya ali m'manja. Chichitikireni zija anali asanayang'anepo munthuyu kumaso. Anati, “Malume samva, koma apolisi amamva. Tiyeni mukabwereze komweko. Buku lija analembamo zimene munalumbira kuti simunandikhudze chala likadalipo.”

Nkhalamba ija inatembenuka. “Apolisi atani? Iwe sunandiuze kuti chinali chibwenzi?” Inavula chipewa, inapepesa kwa Tiyamike, kenako inamasula tambala n'kumusiya pansi, n'kukwera njinga ya Jeremasi n'kumapita. Mwini njinga anaitsatira wapansi, akudumpha mizere ya fodya, nsapato ija n'kutsalira m'munda mwa a Phiri.

Tambalayo Tiyamike anakana kuti alowe mumphika mwake. Malume Binwelo anati nkhuku ilibe mlandu, napita nayo kwawo. Ndipo ndikukayika, Amayi. Nditanong'oneza mlamu wanu, mkazi wawo, kuti ndiwo zapezeka, malume anayankha ali kutali kuti asaiwale tsabola. Kodi mlongo wanuyu samvadi, kapena amasankha?

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma anthu atabalalika ndinapeza Tiyamike kuseri kwa nkhokwe, wakumbatira mwana. Anandifunsa ngati angathedi kudzamulanda. Ndinayankha kuti ayi, ngakhale sindikudziwa.

Lolemba tikubwerera kupolisi. Amayi asanu a kumjigo ati atiperekeza, ndipo a Nabanda achapa kale chitenje chawo cha Mvano. Mwina adzatibwezanso. Koma ulendo uno Jeremasi wanena yekha, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukumva.

Mupereke moni kwa abambo, koma nkhaniyi muwauze atakhala pansi. Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti ndikali moyo, mwana ameneyu sadzakwera njinga ya munthu uja, ndipo Tiyamike sadzayendanso yekha njira ya kupolisi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Felesiya