Kiyi Wachiwiri wa Sienta

Lolemba, 5 Juni

Kuzizira, kamvula kowaza kuyambira m'mawa. Mwana wanga Wezi wapita kusukulu pakabaza, atavala juzi ya bambo ake. Sienta ili chiimire pabwalo, masamba a mapeyala ali mbwee padenga. Chimwalirireni mwamuna wanga Hudson, galimotoyi sinalizidwepo.

Kiyi wake ndi mmodzi, wa rimoti, monga inabwerera ku Japan. Ali m'manja mwa alamu anga, a Zebedee, akulu ake a Hudson, ku Msongwe. Anamutenga tsiku lomwe tinaika maliro ku Nkhata Bay, ati akusunga mpaka abale adzakhale pansi. Lero akazi awo, a Mabel, lawapulumuka pakamwa: dalaivala anapezeka kale. Akufuna izinyamula anthu pamsewu wa Nkhata Bay.

Galimotoyi ndinagula ndine. Dzina pa bulubuku ndi langa. Koma ankayendetsa ndi Hudson, ndiye kwa iwo ndi ya Hudson. Laisensi ndili nayo, kungoti mantha. Kwathu ku Dedza sakanayerekeza. Kuno ndine mtengwa.

Ndikufuna kiyi wanga.

Lachinayi, 8 Juni

Ndagula rimoti pa kasitolo kuseri kwa msika, mwini wake walumbira kuti ndi yomweyo. Nthawi ya nkhomaliro ndapita nayo ku kampani yogulitsa galimoto za mtunduwu. Mayi wa pa kauntala, a Marjorie, aitembenuza ngati tomato wovunda. Si yawo, sangaikhudze. Yawo aitanitse ku Lilongwe, ndipo kiyi watsopano sagwira mpaka atamulowetsa mu kompyuta ya galimotoyo kuti izimudziwa.

Mafunso ndinawakonza bwinobwino muminibasi. Sindinafunse ndi limodzi lomwe. Ndangoti yewo, itanitsani.

Wa kasitolo uja akuti katundu wotuluka sabwerera.

Lachiwiri, 13 Juni

Kiyi sanafike. Kaya basi, kaya chiyani. Makanika wodziwa za kompyuta, a Boniface, nawo ali ku Karonga.

Ku laibulale komwe ndimagwira ntchito ophunzira thothotho, mayeso ayandikira, ena akuwerengera pamasitepe. Pazenera ndimaona mahositelo atsopano akukwera pomwe ine ndi Hudson tinkagula chimanga chootcha tili ophunzira. Tauni ikukula osafunsa munthu.

Mwina ndikulakwitsa. A Zebedee ali ndi ana ambiri, ntchito alibe. Pamatenda a Hudson anagona nafe kuchipatala. Koma Wezi wayamba chifuwa, ndipo wa kabaza dzulo anagwa naye pamatope a ku Chibanja kuno. Bondo lokha.

Lamlungu, 18 Juni

Kiyi anafika Lachisanu, vuto linanso pamwamba. Popanda kiyi wakale sangalowetse watsopano, pokhapokha asinthe kabokosi konse ka mkati. Mtengo wake sindilemba.

Ndiye titaweruka kutchalitchi ndinakwera ya ku Msongwe. Tiyi, mbatata, nkhani za kwaya. Ndinawauza a Zebedee kuti ndikupangitsa kiyi wachiwiri, ndipo akufunika wakaleyo ndi galimoto yomwe. Anaseka mpaka kuomba m'manja. "Mwaganiza bwino chomene, anyina Wezi. Wina wa dalaivala, wina wanga."

Sindinawatsutse. Sindinaname, koma sindinawatsutse.

Lachisanu, 23 Juni

Alamu anabwera m'mawa ndi batire yobwereka. Galimoto inalira kachitatu. Fungo la Hudson likadali m'mipando. Ndinakhala kumbuyo ngati pasinjala.

Ku kampani magetsi anali atazima, atayaka netiweki yolumikizana ndi ku Lilongwe inakana. Tsiku lonse pabenchi. Alamu akufotokozera aliyense za takisi yawo, mpaka mawu oti adzalembe pagalasi lakumbuyo. Bambo wina anandifunsa ngati ndine mlembi wawo.

Madzulo anati apite nayo ku Msongwe, dalaivala akaiyese. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankha kuti ayi, igone pompano mpaka ntchito ithe. Anandiyang'ana ngati mpando walankhula. Inagona. Koma kiyi wakale anapita naye.

Lolemba, 26 Juni

Ndapempha mnzanga wa kuntchito, Judith, andibwereke galimoto yake pabwalo la mpira. Kutsogolo, kumbuyo, kukhota. Ndagunda ndowa ya munthu wina. Judith akuti ndimayendetsa ngati ndikupepesa msewu. Mawa tibwerezanso.

Lachitatu, 28 Juni

Zatheka.

A Boniface analumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero, makiyi onse awiri ali pampando. Watsopano anaphethira, zitseko zinatseguka. Kenako anati pali funso lomwe amafunsa mwini galimoto aliyense asanatseke ntchito: kodi galimoto izidziwa makiyi onse, kapena wina afufutidwe? Alamu anayankha msanga kuti onse. A Boniface anati pepani adada, lamulo la pano timafunsa amene dzina lake lili pa bulubuku. Anatembenukira kwa ine.

Sindinkadziwa kuti zimenezi zimatheka. Ndikanadziwa bwenzi nditakonza mawu, n'kuwameza.

Ndinati, "Wakaleyo mufufuteni."

Sizinatenge nthawi. Alamu anadina wawo, anadinanso. Zii. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. "Mlamu, mwandiitanira zimenezi pamaso pa anthu?" Ndinawauza kuti galimotoyi ndi yanga ndi ya Wezi, ndipo ndinayenera kunena zimenezi tsiku la maliro lomwe. Ndinati ndikawatule ku Msongwe. Anaika kiyi wakufayo m'thumba la jekete, n'kukwera kabaza.

A Marjorie andikumbutsa potuluka kuti tsopano ndabwerera pa kiyi mmodzi, ndisamutaye.

Ndayendetsa ndekha mpaka kunyumba. Pa raundabauti minibasi zikuimba mahutala kumbuyo, kondakitala wina akukuwa kuti amama mukagule njinga. Sindinaime.

Lachinayi, 29 Juni

Wezi ndamutula pasukulu wouma. Anafuna nditsitse galasi kuti anzake aone.

A Mabel sakuyankha foni. Masana apongozi aimba kuchokera ku Nkhata Bay, mawu ozizira, moni wa theka. Abale onse akhala pansi Loweruka, ndikapezeke, ndikafotokoze chomwe ndachititsira manyazi mwana wawo wamkulu. Ndikawapepesa a Zebedee pa za pamaso pa anthu zija, chifukwa zinawapweteka ndithu. Za galimoto ayi.

Apongozi anafunsa ngati ndikwere basi ya m'mawa kuti atume munthu kudepoti. Ndinati asavutike, ndibwera pagalimoto. Anafunsa kuti ayendetse ndani.

Zitunda zotsetsereka zija, makhota aja, sindinayendetsepo. Mawa ndikapimitse mabuleki. Mafuta. Mpweya m'matayala. Loweruka ndinyamuke chifunga chikangochoka.