Nyimbo ya pa Chiliza cha Bambo

Lamlungu, 8 Seputembala 2024

Ndabwerako ku pulakatisi mutu ukuwawa. Achimwene a Herbert andikwiyitsa zedi.

Loweruka tikuvundukula chiliza cha bambo ku Ligowe. Tinagwirizana kalekale kuti anthu akachoka kumanda n'kudya, ife atatu tiimbe nyimbo imodzi pabwalo: ine pa kiyibodi, achimwene pa gitala, Zefaniya wa ku babashopu pa ng'oma. Nyimboyo ndapeka ine, ndakhala ndikuiluka pang'onopang'ono ndikaweruka ku shopu. Kumapeto kwake ndinaikako kanyimbo kamene bambo ankaimba akudwala, kaja kakuti "Ndafika pamtunda, ndani anditule?" kuti amayi a Mvano azivomera kuti "Tilipo ife." Lero achimwene amva mbali imeneyo koyamba. Angotsamiritsa gitala kukhoma.

Ati, "Stelia, izi ndi za kwaya. Si pulogi izi. Chotsa."

Chotsa! Ngati akunena za chitsotso cha pa malaya.

Lolemba, 9 Seputembala

Pulogi, pulogi. Chibwerereni ku Joni mawu ndi omwewo. Dzina lake lonse akuti pulogiresivu roko, kutanthauza nyimbo zopita patsogolo. Anabwera nazo pa memori khadi, akuisunga ngati mankhwala.

Sindikana, ndinazikonda. Poyamba ndinkayesa foni yawonongeka. Nyimbo imodzi uchoke nayo kunyumba, ukagayitse kuchigayo, ubwerere, iyo isanathe. Iyambe ngati ya m'tchalitchi, ithamange, iime zii, kenako chitoliro. Ndinapirira mpaka makutu anazolowera, ndipo tsopano pali ina imene ndikaimva tsitsi limaima. Ndinaphunzira kuwerenga kugunda kwa nyimbo mpaka seveni m'malo mwa folo imene tinakula nayo. Zefaniya anatsala pang'ono kuthyoka mikono, koma naye anaphunzira.

Ndiye ife makutu tinatsegula. Iwo awo atsegula liti?

Lachiwiri, 10 Seputembala

Sitinayankhulane. Amayi afunsa ngati pakhomo pano pagwa maliro ena.

Lachitatu, 11 Seputembala

Pulakatisi ku babashopu, poti ndi kumene kuli magetsi a sola. Lero zinafika poipa.

Achimwene abwera ndi lamulo latsopano. Akuti Loweruka ndidzayambe ndalengeza kuti anthu akhale chete, osaomba m'manja, osaimba nthungululu, osavomera. Akuti nyimbo yotere imamvedwa munthu atatsinzina. Ku Ligowe! Uwauze amayi a Mvano kuti atsinzine! Zefaniya anaseka mpaka kugwetsa ndodo, achimwene anamuyang'ana diso lofiira. Zefaniya pofuna kuziziritsa anati, "Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, tiyeni tiwamvere akulu." Uyu naye alibe mbali, amangofuna aliyense azibwera kudzameta.

Achimwene ati, "Vuto la anthu a kuno ndi makutu otseka. Chilichonse akufuna chikhale chovinika."

Pamenepo ndinalephera kuugwira mtima. Ndinati, "Achimwene, azungu mumawapembedzawo anatenga zimene anali nazo kwawo, limba la m'tchalitchi chawo, nyimbo za m'midzi mwawo, n'kupita nazo kumene munthu anali asanafikeko. Ndi nthawi imene bambo anali mnyamata imeneyo. Inu lero mukukopera chilichonse, mpaka kapendekedwe ka khosi poimba gitala. Kupita patsogolo kwake n'kuti? Ine ndatenga seveni wanuyo ndamukumanitsa ndi nyimbo ya kwathu, chinthu chimene pa memori khadi yanu palibe, mukuti ndichotse. Wotseka makutu ndani pamenepa?"

Ati, "Iwe sunayende, sungamvetse."

Ndati, "Eya, sindinayende. N'chifukwa chake kanyimboko ndikukadziwa. Inu kunalibe."

Achimwene anaimirira. Anapinda waya wa gitala n'kutuluka.

Zoona zake ndi zomwezo. Bambo anadwala zaka ziwiri iwo ali ku Joni. Pamaliro sanabwere, akuti mapepala sanali bwino, akanatuluka sakanalowanso. Amene ankawatembenuza bambo pamphasa ndi ine ndi amayi. Sindipepesa.

Lachinayi, 12 Seputembala

Amayi andiitanira kukhitchini. Zefaniya waulula zonse, m'kamwa mwake simukhala kanthu. Amayi ati, "Mwanawe, uja ndi mkulu wako. Abale akubwera kuchokera ku Magaleta ndi ku Lisungwi, usandichititse manyazi. Chimene akufunacho mupatse."

Ndati, "Ndiye nyimbo ya bambo tichotse pa chiliza cha bambo?"

Ati, "Bambo ako sanali munthu wokonda mikangano."

Basi ndachotsa. Ndawauza achimwene, angogwedeza mutu ngati bwana wa mu ofesi, ngakhale zikomo. Ndapsa mtima moti mbale imodzi ndaiswa potsuka, ndipo sindikudziwa ngati inali ngozi.

Chikundiseketsa ndi chimodzi. Mbali ya gitala ya pakati ija, imene amaikonda kwambiri, imene amati "apa ndiye wagwira ntchito," ndi kanyimbo ka bambo komweko. Ndinangokakoka n'kukaika mu seveni, opanda mawu. Mwezi wathunthu akhala akukaimba atatsinzina, osadziwa. Katswiri wa kumvetsera! Sindiwauza, akhale choncho.

Lachisanu, 13 Seputembala

Tafika ku Ligowe pa matola, fumbi mpaka m'mano. Kiyibodi ndinaifungatira njira yonse. Batire tabwereka kwa a Laimoni oyandikana nawo nyumba. Omanga alemba dzina la bambo bwinobwino, koma ine kuyang'ana chilizacho mtima ukungowawa. Mawa ndiimba nyimbo yodulidwa mchira pamaso pa amayi a Mvano amene ankabwera kudzaimba ndi bambo ali gone.

Loweruka, 14 Seputembala

Kumanda zinayenda bwino. Abusa anapemphera, malume anachotsa nsalu, tinaika nkhata. Achimwene sanagwetse msozi, anangoima manja kumbuyo.

Anthu atadya tinalumikiza zida pansi pa mtengo wa mango. Kulengeza kuja ndinakana, ndiye analengeza okha. "Chonde tikhale chete, nyimbo iyi ndi yomvetsera." Azakhali ena kumbuyo anafunsa mokweza kuti, "Nanga pali nyimbo yosamvetsera?" Anthu anaseka, ine ndinaweramira pa kiyibodi.

Tinayamba. Kunena zoona anthu anayesetsa. Ena ankafuna kuomba m'manja koma kugunda kwake kunkawathawa, n'kusiya. Abusa ankangoyang'ana wotchi. Kenako inafika mbali ya gitala ija. Achimwene anatsinzina, khosi pendeke, n'kuyamba. Sanafike patali. Mayi wina wa Mvano anadzutsa mutu, anagwira mnzake pa bondo. Gitala itangomaliza mzere woyamba, gulu lonse linavomera, "Tilipo ife!" Manja anayamba, mu folo wathu wa masiku onse. Zefaniya, wopanda mbali uja, anawatsatira pomwepo. Ine ndinayesa kugwira seveni kamphindi, kenako ndinati zanga n'chiyani, ndinawatsatiranso.

Achimwene anatsala okha. Anatsegula maso, anasiya kuimba, anakweza dzanja kuti anthu atonthole. Anatontholadi. Nkhope ya achimwene inali ya munthu woti waberedwa pamsika. Anandiyang'ana ngati ndine ndawatuma amayiwo.

Ndiye amayi athu anaimirira. Amayi omwe aja ankati ndisawachititse manyazi. Anati, "Herbert, wasiyiranji? Nyimbo ya bambo ako imeneyo, waiyamba bwino. Yambitsanso, koma ndi mawu, ife tikuvomere."

Achimwene anayang'ana gitala, anayang'ana amayi. Ndinaona pamene zinawalowa, kuti chimene akhala akuimba mwezi wonse n'chiyani. Anayandikira maikolofoni, anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Mawu sakuwadziwa. Anawamva kamodzi kokha, tsiku lija ankati ndichotse. Abale onse maso ali pa iwo, mwana wamwamuna yekhayo wa malemu.

Ndinawasiya kaye. Ndilembe zoona, ndinawasiya aime choncho, ndipo mtima wanga unkati alawe. Koma sindinapirire nthawi yaitali. Ndinadzuka, ndinapita kukawanong'oneza kukhutu, "Ndafika pamtunda, ndani anditule."

Anaimba. Mawu osasa, okhota, ndipo anaimba mu seveni wawo yemwe uja poti ndi mmene amakadziwira. Pakati pa mzere mawu anathyoka. Amayi a Mvano sanawathamangire. Manja anali m'mwamba, anadikira mpaka achimwene afike kumapeto, ndiye anavomera. Anabwereza, amayiwo anadikiranso. Kachitatu manja aja anali atapeza poponda, Zefaniya nayenso. Sinali folo, sinali seveni, ine sindikudziwa kuti ndinkawerenga chiyani. Achimwene misozi inali chuchuchu mpaka pa gitala, ndipo sanatsinzine.

Mkwiyo sunandithere. Sanandipepese, ndipo mwina sadzapepesa. Mawaya ndapinda ndekha, batire ndabweza ndekha. Panopa akhala pa khonde la kuseri ndi amayi, dzuwa likupendeka. Podutsa ndi ndowa ndawamva akufunsa kuti, "Kodi bambo ankaimba nthawi yanji, m'mawa kapena madzulo? Ankanditchula?"

Amayi ati, "Funsa mlongo wako, ndi amene ankakhala nawo."

Andiitana kawiri. Ndikumaliza kaye kulemba.