Seva Yadzuka, Basi Yapita

Ivory Park,
Joni.
18 Ogasiti 2014

Okondedwa achemwali a Maureen,

Ndikhulupirira kuti alendo obwera ku chiliza cha abambo abalalika tsopano, ndipo mwapeza kampata kokhala pansi. Ine ndili bwino, thupi lokha. Pafoni ndinangoti "ntchito yandigwira" n'kudula. Lero ndifotokoze bwinobwino, mukalipe mutamva zonse.

Kuweyahausi kwathu ku Marlboro kuli kompyuta yaikulu imene timaitcha seva. Katundu yense wolowa ndi wotuluka amadziwika ndi iyoyo. Ikagona, malole nawo agona. Mkati mwake muli madisiki angapo olumikizidwa pamodzi n'kugawidwanso zigawo, monga munda umodzi wogawira ana. Ndiye pali kafayilo kakang'ono konena malire a chigawo chilichonse. Kakasowa kameneko, mbewu zili m'munda momwemo, koma palibe wodziwa poyambira mzere wake.

Lachisanu masana, chikwama chili kale pansi pa desiki, suti ya alamu ndi nsalu zanu zili momwemo, magetsi anaphethira. Seva podzuka, kafayilo ka malire kaja kasowa. Ndinati palibe vuto, pali bakapu, kope losungidwa padera. Kutsegula foda ya bakapu, mulibe kanthu. Wina anasesa kalekale pofuna malo, osadziwa chimene akutaya. Abwana anangoima pakhomo, makiyi agalimoto m'manja, n'kuti, "Elia, sorry my friend, palibe kupita mpaka iyende." Iwo anapita.

Anakhazikitsa seva imeneyi pachiyambi ndi Joram, Mzimbabwe uja ndinkakuuzani, amene agogo ake anachokera ku Ntcheu. Pakampani ponse ndi iye yekha ndinkacheza naye m'Chichewa, ngakhale chake chinali chopindika, chosakaniza ndi Chishona, ndipo ndinkamuseka tsiku lililonse. Anabwerera kwawo chaka chatha. Ndinaimba nambala yake mpaka khutu kutentha, koma anayankha ndi mayi wa makina uja.

Basi ya Loweruka inanyamuka ine ndili m'kachipinda ka seva, kozizira, kopanda windo, nditavala jekete ziwiri. Achemwali, kusungulumwa ndinkakudziwa, koma osati kotere. Munthu wolankhula naye panalibe, koma mafani oziziritsa seva okha kulira.

Lamlungu m'mawa ndinakumbukira kuti disiki imasunga kope lakale la malire aja kumutu kwake. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndikuopa, pakuti kulakwitsa nambala imodzi ndiye kufafaniza zonse, ntchito yanga pamodzi. Ndinalipeza. Ndinalikopera, n'kulibwezera pamalo pake, n'kuyatsa. Zigawo zinayamba kutuluka pasikirini ndi mayina amene Joram anazipatsa: agogo, amai, kumusha, ndiko kuti kumudzi m'Chishona. Ndinaseka ndekha, kenako misozi.

Kuyang'ana nthawi, inali ija munati abusa ayamba pemphero kumanda. Ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndinaimba nyimbo ija abambo ankaikonda pometa ndevu. Mlonda anasuzumira, n'kutseka chitseko mwaulemu.

Tsopano bakapu ndaiika malo atatu, sidzasowanso. Abwana m'mawa uno anati "sharp" akudutsa, osaima n'komwe.

Mukukumbuka kuti abambo nawo maliro a agogo anawamvera kumgodi kuno, mwezi utatha? Sankakonda kuikamba nkhaniyo, ndipo ine ndinkati ndi kuuma mtima. Dzulo ndinawamvetsa.

Chikwama sindinamasule. Katundu wanu ndimutumiza ndi a Mateyu, oyendetsa lole aja a ku Kya Sand. Chonde mundijambulire chilizacho, dzina lioneke bwino, ndipo mundiuze amene anaima pamalo panga.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwagwire dzanja, musawauze za kachipinda kozizira. Mukapita kukasesa kumanda, abambo mukawauze kuti mwana wawo anali pa shifiti. Iwo akudziwa.

Ndine mlongo wanu,
Elia