Kaloko ka pa webusaiti ya Asiyatu

Lachitatu madzulo. Lero mtima wandiwawa.

Mayi Phiri, kasitomala wanga wakalekale, akagula makatani kwa Asiyatu ku Chitawira. Andiuza osaphethira: "Foni ikuti webusaiti yanu ndi yosatetezeka. Ya anzanu Asiyatu ili ndi kaloko."

Asiyatu yemweyu ndinamuphunzitsa kusoka ndine, kuno ku Ndirande.

Kalokoko, kachizindikiro ka webusaiti yotetezeka, kamabwera ukagula satifiketi ya chitetezo. Masana onse ndakhalira kufufuza kogula. Kampani yondisungira webusaiti ikudulitsa. Yakunja ikutchipa, koma ikufuna khadi la kubanki lolipirira kunja, lomwe ndilibe. Wodziwa njira ndi Asiyatu basi.

Ndamulembera: "Achemwali, satifiketi munagula kuti?" Wayankha pompopompo: "Bwerani mawa, ndidzakuphunzitseni."

Kundiphunzitsa ine. Ndipita, koma kuphunzitsidwa ndi wophunzira wanga kukundiwawa.