Atate akuti vaneti ikukokera kumanzere

Aphungu,

Ndine makaniko pa loji ina yogona alendo kuno ku Mfuwe, koma pali galimoto imodzi yomwe yandikanika, ndipo ndi ya atate anga.

Atate akhala dalaivala zaka zoposa makumi atatu. Vaneti yawo anaigula mu 1978, ndipo ndi imene yatilera tonse. Anthu a kwathu ku Jumbe amaizindikira ndi kulira kwake isanaoneke n'komwe. Chaka chatha atate anandiitana, nati, “Iwe Onesmus, galimoto iyi yayamba kukokera ku lefuti. Tayione kutsogoloku.”

Ndinagwira ntchito ndi mtima wonse. Ndinasintha mashoko, ndinaika masipuling'i olimba oyenera msewu wathu wa maenjewu, ndinachotsa zitsulo zonse za chiwongolero zomwe zinkagwedera. Kenako ndinapita nayo ku Chipata kuti akawongole matayala. Aphungu, galimotoyo tsopano ikuyenda bwino kuposa mmene ndikuikumbukira ndili mwana. Ngakhale utasiya chiwongolero, imangopita chindunji.

Koma atate atayendetsa anabwera akupukusa mutu. “Ikali kukoka,” anatero. Ndinamasulanso. Anabweranso ndi mawu omwewo, ndinamasulanso kachitatu.

Lamlungu lapitali ndinakhala pambali pawo tikuchokera ku tchalitchi. Ndinaona kuti amapendeketsa mutu kuti aone msewu ndi diso lakumanja, ndipo galimoto imatsetserekera m'mphepete pang'onopang'ono iwo osadziwa. Tinakwecha mtolo wa nkhuni wa mayi wina yemwe ankayenda kumbali kwa msewu. Mayiyo analumphira m'tchire, mwamwayi sanapweteke. Atate sanamuone n'komwe, anangomva phokoso. Anandiyang'ana nati, “Waona ka? Yakokanso.” Ine ndinayankha kuti, “Inde atate, ndidzaionanso.” Ndinanama, ndipo mtima ukundiwawa mpaka lero.

Nditawayang'anitsitsa kunyumba ndinaona kuti diso lakumanzere layera pakati. Amayi akudziwa. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, “Ukawalanda makiyi wawapha. Atate ako alibe china.”

Mwezi wamawa alonjeza kunyamula kwaya ya azimayi kupita nayo ku msonkhano, anthu khumi ndi awiri kumbuyo. Ndimawakonda atate anga. Ndiwo anandigwiritsa sipanala koyamba. Ndiwauze bwanji kuti chowonongeka si galimoto? Kapena ndingomasula chitsulo china kuti isalire, ndizinena kuti sipeya sakupezeka?

O.M., Mfuwe

Wokondedwa O.M.,

Kalata yanu yandikhudza. Mwamasula galimoto yabwinobwino kawiri konse kuti atate anu asachite manyazi. Chimenecho ndi chikondi, sindikutsutsa. Koma ikani sipanala pansi tsopano, ntchito yake yatha.

Zomasula chitsulo mobisa musayerekeze. Munthu amene wakhala ndi galimoto imodzi zaka zonsezi adzatulukira tsiku lomwelo, ndipo chidzamupweteka kwambiri n'chakuti mwana wake wamutenga ngati wopusa. Komanso ndikukayika ngati atate anu sakudziwa. Munthu sapendeketsa mutu popanda chifukwa. Mwina akuchita mantha, ndipo akamakupatsani galimoto kuti muione ndiye kuti akupempha thandizo m'njira yokhayo imene akuidziwa.

Khalani nawo pansi awiriwiri, pasakhale alendo kapena azilamu. Musayambe ndi diso lawo, yambani ndi bodza lanu. Auzeni kuti, “Atate, ndinakunamizani Lamlungu lija. Galimoto ilibe vuto. Panali mayi m'mbali mwa msewu, ndipo ndinachita mantha.” Mukatero khalani chete, muwasiye alankhule. Akakalipa, piriranitu. Makiyi musawalande m'manja. Apempheni kuti akupatseni okha.

Kenako pitani nawo kuchipatala kumene amaona za maso, inu mukuyendetsa. Ine si dokotala, koma kuyera kumene mukunenako kukhoza kukhala ng'ala, ndipo nthawi zambiri madokotala amatha kuichotsa munthu n'kuonanso. Musawalonjeze kuti adzayendetsanso. Alonjezeni kuti simuwasiya okha pa nkhaniyi.

Amayi anu akunena zoona pang'ono. Mwamuna wozolowera msewu ukamukhazika pakhonde tsiku lonse amafota. Ndiye musamukhazike. Za kwayazo, pemphani tchuthi ku ntchito, muyendetse ndinu, atate akhale pambali panu. Adziwa dzenje lililonse la msewu umenewo ndi malo amene njovu zimadutsa, ndipo makutu awo akadali akuthwa. Asiyeni akulamuleni kuti apa chepetsa liwiro, apa sintha giya. Adzakutopetsani, ndikukuuziranitu, koma lonjezo lawo kwa azimayi aja lidzakwaniritsidwa ndipo adzatsika galimoto ali ndi ulemu wawo.

Chenjezo langa ndi ili: nkhaniyi isadikire mwezi wamawa, ndipo kuyambira lero atate asagwire chiwongolero, ngakhale popita kuchigayo. Akhoza kukukwiyirani sabata ziwiri kapena mwezi, mkwiyo umenewo udzatha. Koma akadzagunda munthu, sadzachira mumtima mpaka imfa. Ndipo tsiku limenelo adzatembenukira kwa inu, mwana amene amamukhulupirira, n'kufunsa kuti, “Kodi iwe unkadziwa?”

Aphungu