Sindinamete pa maliro a Belita

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka ngati makumi atatu, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Chiringa. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndiye mukapeza zolakwa mundikhululukire. Kalatayi ndailemba katatu ndikung'amba, pepala lino ndi lotsiriza pa amene aphunzitsi anandigawira.

Nkhani yanga ndi ya tsitsi. Mwina museka, koma tsitsi limeneli likundilanditsa mwana.

Chaka cha njala chija, 1949, tsitsi langa linafiira n'kuyamba kuthothoka. Njala itatha thupi linabwerera, koma tsitsi ayi. Likati likule pang'ono linkaduka, makamaka pakati pamutu pamene pamakhala nkhata ndikasenza mtsuko. Ndinkachita manyazi kuvula duku ngakhale kumadzi. Amene anandithandiza ndi mng'ono wanga Belita. Iye anaphunzira kupota tsitsi kwa a Jalia, mayi wachisilamu, akazi a telala wa pa Chiringa. Amagawa tsitsi timagawo ting'onoting'ono, kagawo kalikonse n'kukagawanso pawiri. Mbali iliyonse amaipota payokha, kenaka n'kuzipiringiza ziwirizo, monga amapotera chingwe cha khonje pantchafu. Akamaliza amapaka mafuta a nsatsi kunsonga. Tsitsi likagona m'zingwe zotere silikumana ndi chipeso, nkhata silinyula, ndiye limakula. Zaka ziwiri Belita wakhala akundipota mwezi ndi mwezi, mpaka langa linada n'kufika m'khosi. Ine sindinaphunzire. Ndikanaphunzira bwanji zinthu zochitikira kumbuyo kwa mutu wanga?

Komaliza anandipota Lamulungu lina mwezi wa Juni titachoka kutchalitchi. Kunali chiperoni, phiri la Michesi losaoneka. Belita anati akumva kuzizira m'thupi, tidikire tsiku lina. Ine ndinakakamira chifukwa ndinali nditamasula kale zakalezo, ndipo ndinkaopa kuti tsitsi likagona losapota liduka. Anaseka n'kunena kuti, "Achemwali, inu mumadandaula ngakhale mvula ikagwa bwino. Khalani pansi, bweretsani mutuwo." Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa m'nyumba munali mdima. Chakumapeto anayamba kutsokomola. Zingwe zitatu za kuseri kwa khutu lamanzere anazipota molefuka, mpaka lero zimasiyana ndi zinzake.

Lachiwiri anagona. Anthu anati ndi chibayo. Loweruka amuna a m'mudzi anamunyamula pa machira kupita naye kuchipatala cha mishoni, koma anamwalira panjira asanafike. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, Lenia, wa zaka zinayi. Bambo wake, a Sitafodi, ali ku Halale kuntchito, ndipo kalata imene tinawatumizira sinayankhidwe. Amayi athu anamwalira kale, ndiye amalume athu a Kaliati, amene ndiwo mwini mbumba, anati mwanayo akhale ndi ine. Ana anga awiri anafa ali makanda, amuna anga anakakwatira kwina. Lenia atalowa m'nyumba mwanga ndinayambanso kusesa pakhomo ndi mtima.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwa. Mukudziwa mwambo wathu, kuti akaika maliro pakapita masiku pang'ono abale onse amasonkhana kumetedwa, tsitsilo n'kukalikwirira pamodzi. Dzulo lake ndinagwira mutu wanga n'kukumbukira kuti manja amene anapota zingwezi ali m'nthaka. Zovala zake zinagawidwa. Mbale zake zinagawidwa. Chithunzi sanajambulitsepo. Chimene chinatsala cha manja ake chinali pamutu pangapa, ndipo m'mawa lumo linali kudzachichotsa. Kutacha ndinalawira kupita ku Chiwalo, ndikunena kuti ndikukauza azakhali athu okalamba za maliro, poti sangathe kuyenda. Ndinagonako masiku awiri. Pobwera ndinamanga duku mothina, zingwe zonse nditazikanikizira mkati, n'kuuza abale kuti azakhali andimeta komweko. Anakhulupirira. Chibadwire sindinanamizepo amalume, koma tsiku limenelo bodza linatuluka lokha ngati malovu.

Masabata anayi ndinayenda ndi duku losavula. Tsiku lina tikusinja pamtondo ndi amayi ena, Lenia anakwera kumsana kwanga ndikupeta, n'kukoka dukulo posewera. Zingwe zinagwera m'mapewa. Mwanayo anazigwira ndi manja onse awiri n'kufuula kuti, "Tsitsi la amayi! Amayi aakulu ali ndi tsitsi la amayi!" Pakuti naye Belita ankadzipota chimodzimodzi. Misi inaima. Lenia yekha ndiye ankaseka, kamutu kake kali mbee chimetedwere.

Madzulo ake amalume anandiitana. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anati, "Mphwanga, tonse tinapereka mitu. Ngakhale kamwana aka kanapereka. Iwe wako wausunga kuti utani nawo?" Anandifunsa katatu, ine chete. Ndikanayankha bwanji? Mumtima mwanga ndimadziwa kuti ndine ndinamukhazika Belita pamphepo tsiku lonse iye atanena kuti akumva kuzizira. Munthu akandiyang'ana ngati ndinapha mng'ono wanga, mbali ina ya mtima wanga imavomera.

Chete wangayo ndiye anawononga zonse. Akazi a amalume, a Rozaria, akuuza anthu kumadzi kuti wopanda mwana akathawa lumo pa maliro a mwini mwana palibenso chofunsa, ankafuna mwanayo kuyambira kale. Ena akuti mzimu wa Belita sunapite, ndaumangirira m'zingwemu. Amayi amene tinkasinja limodzi akandiona amasuntha mitondo yawo. Lenia anamutenga tsiku lomwelo, tsopano akugona kwa amalume. Amamuletsa kubwera kwanga. Ndimamuona ataima kumpanda kwawo akuyang'ana kuno, ndikakweza dzanja amathawira m'nyumba, ndiye ndikudziwa kuti anamuopseza. Ali ndi chizolowezi chosadya ngati munthu sanakhale naye pambali, ndipo sindikudziwa ngati kumeneko akudziwa zimenezi.

Amalume anena kuti chimera cha mowa wa maliro anyika kale. Mowawo ukapsa, patsala masabata awiri, ndidzametedwe pamaso pa onse ndi kufotokoza chimene ndinabisira. Ndikapanda kutero, mwana sadzabwereranso m'nyumba mwanga.

Tsopano papita masabata asanu ndi awiri chipotereni. Sindinasambe m'mutu, ndikuopa kuti zingwe zingamasuke. Mukuyabwa koopsa, kumizu tsitsi lagwirana ngati chisa, ndipo dzana ndinapeza nsabwe. Zingwe zinalipo makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndimaziwerenga m'mawa uliwonse. Ziwiri zaduka zokha. Ndaziika m'kachitini ka fodya n'kubisa pansi pa mphasa.

Aphungu, mwanayo ndikumufuna, ndipo ndikudziwa kuti ndiyenera kumeta. Koma ndikaganiza za lumo ndimaopa kuti tsikulo ndidzathawanso. Kodi ndiwauze chiyani amalume kuti andimve? Kodi n'zoona kuti ndikumuvutitsa Belita kumene aliko? Nanga ziwiri za m'chitinizi, ndikasunga zokhazi osauza munthu, ndilakwanso? Chonde dzina langa musalilembe lonse.

E. M., Chiringa

Mayi E. M.,

Pepani ndi maliro. Sindinaseke, ndipo sindikhulupirira kuti aliyense amene anaikapo m'bale wake angaseke powerenga kalata yanu.

Tiyambe ndi chimene chakutsekani pakamwa. Simunaphe mng'ono wanu. Chiperoni chomwecho chinawomba mudzi wonse, anthu anatunga madzi, anapita kuthengo, anakhala pamakonde. Belita anakuuzani yekha kuti thupi linali litayamba kale kuzizira asanakugwireni mutu. Nthenda inali italowa. Iye anasankha kukupotani chifukwa ankakukondani, ndipo akanamva kuti mwasandutsa tsiku limenelo mlandu wodziimba nokha, akanakusekani monga ankachitira. Mukapanda kutula katundu ameneyu mudzakhalanso chete pamaso pa amalume, ndipo chete wanu ndiye akudyetsa a Rozaria.

Za mzimu sindinganene zimene sindinaone. Chimene ndikudziwa ndi ichi: Belita sanapote zingwezo kuti zikhale mpaka kalekale. Mwanena nokha kuti ankakupotani zatsopano mwezi ndi mwezi. Zingwe zotere zimasunga tsitsi masabata atatu kapena anayi. Kupitirira apo zimayamba kudya tsitsi lomwe zinkalisunga, ndiye kugwirana ndi kuduka mukuonako. Mukati mudikire, sizikhala, zidzatha chimodzichimodzi pamodzi ndi nsabwe, ndipo mudzatsala opanda zingwe, opandanso mwana.

Musadikire tsiku la mowa. Pagulu munthu wamantha sayankhula bwino, ndipo anthu atamwa samva bwino. Pitani kwa amalume sabata lomwe lino, masana, mutatenga mayi mmodzi wachikulire amene iwo amamulemekeza. Muyambe ndi bodza lija la ku Chiwalo, mulivomere osalikometsa, chifukwa chimene chinawapweteka kwambiri ndi chimenecho. Kenaka muvule duku. Muwaonetse zitatu za kuseri kwa khutu zija, muwauze kuti apa ndi pamene mphwawo anayamba kutsokomola. Nawonso anataya mwana wa mlongo wawo. Funso lawo lija, loti mutu wanu mwausungira chiyani, linali funso lenileni, ndipo akudikirabe yankho. Mukalira, lirani, koma mumalize kunena. Musabisale kumbuyo kwa mpingo kuti akhristu ena anasiya kumeta. Simunathawe lumo chifukwa cha mpingo, ndipo bodza lachiwiri silingakonze loyamba.

Muwapemphe chinthu chimodzi chokha, kuti lumo lisanafike akuloleni kumasula zingwezo. Akavomera, pitani kwa a Jalia. Iwo ndiwo anaphunzitsa manja a Belita, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso akumulira. Atenge mafuta a nsatsi, amasule kuyambira kunsonga pang'onopang'ono, osakoka. Kwa atelala sikusowa galasi, ndiye khalani moti muziona. Zakutsogolo mumasule nokha, muone kuti mbali iliyonse inapotedwa cha kuti, ziwirizo zinapiringizana cha kuti. Mwati simunaphunzire chifukwa ntchito inkachitikira kumbuyo. Tsopano muli nayo m'manja, ndipo mwayi wake ndi uno wokha. Pambuyo pake muziyeserera ndi khonje mpaka zala zizolowere. Mukamaliza musambe m'mutu ndi sopo ndi madzi ofunda, duku muliwiritse, mphasa muiyanike padzuwa.

Tsiku la mowa mukhale pansi nokha asanakuitaneni. Pemphani mayi wachikulire uja akhale pambali panu atakugwirani dzanja, miyendo ikafuna kuthawa ikumane ndi munthu. A Rozaria musalimbane nawo. Mutu wometa udzawayankha.

Lenia akabwerera, mumuuze m'mawu a msinkhu wake kuti sanalakwe pokoka duku. Ana amadziwa kuti zinthu zinasintha tsiku limene iwo anachita kanthu, ndipo amasenza zimenezo mwakachetechete. Za kadyedwe kake musadikire kuti abwerere, muwauze amalume tsiku lomwe mukupitalo.

Tsono chenjezo langa lili pa kachitini. Ndikumvetsa chimene munasungira, koma ayi, musasunge. Mukudziwa bwino kuposa ine zimene anthu amaganiza akapeza tsitsi la munthu litabisidwa pansi pa mphasa, m'nyumba ya mayi amene akunenedwa kale. Palibe adzafunse kuti ndi la yani. Mwana amene anakoka duku angathenso kutukula mphasa. Zingwe ziwirizo muzitenge popita kwa amalume, muziike m'manja mwawo inu nokha, zikakwiriridwe pamodzi ndi zinzake. Akazipeza munthu wina inu musanazitulutse, ngakhale mutameta kakhumi, Lenia sadzagonanso m'nyumba mwanu.

Aphungu