Botolo Lili Pawindo la Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bambo, chifuwa chija chikuwapatsako mpata? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Aka n'kachitatu kulemba kalatayi, ziwiri ndang'amba. Pafoni ndikanangochita chibwibwi, mukundidziwa.

Lachiwiri abwana athu ku labotale anatisonyeza mapapo a mbewa zomwe timaphunzirirapo khansa. Anati maselo a khansa akachoka m'mapapo kulowa m'magazi, amakumana ndi tizinthu towapsereza, ndipo ambiri amafera m'njira. Opulumuka ndi aja okhala ndi maenzaimu ambiri, timankhwala ta m'selo momwemo tozimitsa motowo. Mbewa zomwe zinapatsidwa vitamini E woonjezera, khansa inafalikira msanga, ngati kuti vitaminiyo ankathandiza kuzimitsa.

Ndinagwirira m'mphepete mwa tebulo. Mnzanga wotsuka mabotolo anandiseka, ati kodi ndayamba liti kumvera mbewa chisoni.

Achemwali, mapiritsi amene ndakhala ndikutumizira bambo miyezi isanu yonseyi, chiwapezereni ndi khansa ya m'mapapo, ndi vitamini E. Ndine ndinakuuzani kuti akakufunsani kuchipatala ngati akumwa mankhwala ena, muziyankha kuti ayi, poti vitamini n'chakudya chabe. Munandimvera chifukwa ndinapita ku yunivesite.

Nditawafunsa pambali, abwanawo anati mbewa si munthu, za anthu sizinadziwike bwinobwino, koma dokotala ayenera kudziwa chilichonse chimene wodwala akumeza. Mwina sindinawononge kanthu. Mwinanso ndawononga. Sindikudziwa.

Chonde, Lachinayi popita kojambulitsa mapapo, munyamule botolo lili pawindo la kuchipinda kwa bambo. Mukalipereke m'manja mwa dokotala, mukanene zoona, kuti akhala akumwa awiri tsiku lililonse. Akakalipa, munene kuti zinali nzeru zanga. Pakadali pano musawapatsenso.

Ndikudziwa bambo avuta. Munandiuza kuti mapiritsi akuchipatala amameza mochita kunyengereredwa, koma awa amaitanitsa okha, ati ndi a mwana wawo wophunzira. Musawanamize kuti atha. Loweruka m'mawa muwaikire foni pakhutu, ndiwauze ndekha kuti ndinalakwitsa. Mukamva ndayamba kuzungulirazungulira, mundidule, mundikumbutse chimene ndaimbira.

Mulungu akupatseni mphamvu, inu amene mwasenza zonsezi nokha. Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Kachetechete